Magazi akaundana mu mtsempha wa chiwindi opaleshoni itatha

Munthu amene anaonapo m'bale wake akusanza magazi saiwala tsikulo. Zimayamba mwadzidzidzi, kawirikawiri popanda ululu wochenjeza. Beseni limadzadza, wodwala amachita chizungulire n'kuyamba kutuluka thukuta lozizira, ndipo achibale amabalalika kukasaka galimoto yoti iwathamangitsire kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Ginnery Corner, chomwe anthu a mu Blantyre amangoti ku Gulupu. Ena amaganiza za zilonda za m'mimba, ena amanong'onezana kuti wodwalayo wadyetsedwa chiphe. Koma kwa odwala ochuluka ndithu otere, gwero la vuto limakhala m'chiwindi ndi mu mtsempha waukulu umene umapititsa magazi kuchiwindiko.

Kusanza magaziko kukamabwerezabwereza ngakhale wodwala akulandira chithandizo, madotolo amalingalira za opaleshoni. Amatha kupatutsa magazi powatsegulira njira ina, yomwe pa Chingerezi amaitcha shunt, kapena kuchotsa kapamba ndi kumanga mitsempha yozungulira chifu. Opaleshoni zimenezi zapulumutsa anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana. Komabe zili ndi chotsatira china chimene sichidziwika kwenikweni kunja kwa zipinda za madotolo. Magazi a mu mtsempha womwe uja unkadzadza mopyola muyeso amatha kuundana n'kuutseka. Izi zimakonda kuchitika m'masabata oyambirira, nthawi imene wodwala watulutsidwa kale m'chipatala ndipo aliyense kunyumba akuona ngati zoopsa zatha.

Mtsempha wosapita kumtima

Mitsempha yambiri yobweza magazi m'thupi imalunjika kumtima. Mtsempha wa portal ndi wosiyana. Umasonkhanitsa magazi ochokera m'matumbo, m'chifu ndi m'kapamba, n'kuwapititsa kaye kuchiwindi. Ndi waufupi, wa masentimita pafupifupi 8, ndipo umayambira pamene mitsempha iwiri ikuluikulu yakumana, wina wochokera kukapamba, wina wochokera kumatumbo. Ngakhale ndi waufupi choncho, umanyamula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi onse olowa m'chiwindi. Zochokera m'chakudya chimene munthu wadya, mankhwala amene wamwa, ndi zoipa zimene tizilombo ta m'matumbo timatulutsa, zonse zimadutsa mmenemu kuti chiwindi chizisefe zisanafalikire m'thupi. Kapamba amene akunenedwa pano ndi chiwalo cha kumanzere kwa mimba, kunsi kwa nthiti, chija chimatupa mwa ana odwala malungo pafupipafupi.

Chiwindi chabwinobwino chimalola magazi kudutsa mosavuta. Chikauma ndi zipsera, magazi amapanikizika kumbuyo kwake. Oyendetsa minibasi pakati pa Blantyre ndi Limbe amadziwa zimene zimachitika msewu wa Masauko Chipembere ukatsekeka: galimoto zonse zimakhamukira m'tinjira ta m'makwalala tomwe sitinakonzedwere chipwirikiti chotero. Magazi nawo amatero. Amasaka njira zolambalala, ndipo zina mwa njirazo ndi timitsempha topyapyala ta kumunsi kwa mmero ndi kumtunda kwa chifu. Timitsemphato timatupa pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kamodzi kamaphulika. Kapamba naye amakula, nthawi zina mpaka kufika pamchombo, ndipo madzi amatha kudzadza m'mimba.

Choumitsa chiwindi chimasiyana malinga ndi dera. Mowa uli nawo mlandu wake kulikonse, ndipo kachasu wa m'makwalala a Blantyre sasiyana ndi mowa wa kwina pa nkhani imeneyi. Matenda a hepatitis B nawo ndi ofala kuno. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri mwa anthu amene anabadwa chisanafike chakachi, omwe lero ndi makolo ndi antchito, sanamulandire ali ana. Koma pali chinthu chachitatu chimene madotolo a ku Ulaya sakumana nacho kawirikawiri pomwe a kuno amachidziwa bwino, ndicho likodzo.

Anthu ambiri akamva za likodzo amaganiza za mwana wokodza magazi. Umenewo ndi mtundu umodzi chabe. Mtundu wina, wotchedwa Schistosoma mansoni, umakhala m'mitsempha ya m'matumbo. Nyongolotsi zake zikaikira mazira, ena amatuluka ndi chimbudzi koma ena amakokoloka ndi magazi mpaka kukakakamira m'tinthambi ta mtsempha wa portal mkati mwa chiwindi. Thupi limakuta dzira lililonse ndi kachipsera, ndipo pakapita zaka zipserazo zimalumikizana n'kukhala zikhungwa zolimba zozungulira mitsempha. Dotolo wina wotchedwa William St Clair Symmers analemba za zimenezi ku Cairo mu 1904, atapima matupi a anthu omwalira n'kuona mitsempha yoyera ndi yolimba ngati timipope ta kaliwo wadothi.

Chodabwitsa cha likodzo la mtunduwu n'chakuti mnofu weniweni wa chiwindi umapitiriza kugwira ntchito yake kwa nthawi yaitali. Wodwala sachita chikasu, amalima, amagulitsa malonda mumsika wa Limbe, amaoneka wathanzi kufikira tsiku losanza magazi. N'chifukwa chake odwala otere amapirira opaleshoni kuposa amene chiwindi chawo chinaonongeka ndi mowa kapena hepatitis, ndipo n'chifukwa chakenso nkhani ya opaleshoni imawakhudza kwambiri.

Wina angafunse kuti likodzo lidzatani m'tauni. Anthu ambiri okhala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Machinjiri anakulira kumudzi, m'mbali mwa mitsinje, m'madambo ndi m'minda ya mpunga, ndipo matenda amene anawalowa ali ana amadzaonekera patapita zaka khumi kapena makumi awiri. Vutoli silinatheretu ngakhale lero. Mu 2017 akatswiri anapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria pfeifferi, zomwe zimafalitsa likodzo la m'matumbo, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ku Mangochi, ndipo atayeza ana asukulu a m'deralo anapeza kuti ena ali nalo. Mankhwala a praziquantel, omwe amagawidwa m'masukulu, amapha nyongolotsi, koma zipsera zimene zinakhwima kale sazichotsa.

Chithandizo chisanafike pa mpeni

Wosanza magazi akafika kuchipatala, choyamba ndi kumubwezera madzi ndi magazi amene wataya. Apa ndi pamene ntchito ya bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo likulu lake lili mu Blantyre, imaonekera. Kenako madotolo amalowetsa kachipangizo kokhala ndi kamera kudzera pakamwa n'kumanga timitsempha totupa tija ndi timalabala ting'onoting'ono kuti tifote. Chithandizo chimenechi chimaperekedwa ku Gulupu, ndipo wodwala amafunika kubwerera kangapo mpaka timitsempha tonse titatha. Amapatsidwanso mapiritsi monga propranolol, ochepetsa mphamvu ya magazi olowa mu mtsempha wa portal. Kwa odwala ambiri izi zimakwanira.

Opaleshoni ya shunt si yochitika kawirikawiri m'Malawi. Yodziwika kwambiri m'zipatala zikuluzikulu za m'dziko muno ndi yochotsa kapamba. Koma alipo odwala amene amapita ku India kapena ku South Africa kukalandira chithandizo cha chiwindi, n'kubwerera kudzera pabwalo la ndege la Chileka ali ndi njira yatsopano ya magazi m'thupi mwawo. Kuyambira tsiku lotsika ndegelo, udindo wowayang'anira umagwera madotolo a kuno ndi achibale awo.

Ganizo lopatutsa magazi ndi lakale. Mu 1877 dotolo wa ku Russia, Nikolai Eck, analumikiza mtsempha wa portal ndi mtsempha waukulu wopita kumtima mwa agalu. Mu 1893 Ivan Pavlov ndi anzake anaona kuti agalu otere akadya nyama ankasokonezeka, kudzandira ndi kukomoka, chifukwa zoipa za m'matumbo zinkafika kuubongo zisanasefedwe. Allen Whipple ndi Arthur Blakemore atayamba kuchita opaleshoniyi pa anthu ku New York cha mu 1945, anapeza zomwezo: magazi ankasiya kutuluka, koma odwala ena ankagona masana, kuiwalaiwala ndi kusokonezeka maganizo.

Pofuna kupewa zimenezi, Dean Warren wa ku America anabweretsa njira ina mu 1967. Anadula mtsempha wa kapamba pafupi ndi pamene umakumana ndi unzake, n'kuusokerera ku mtsempha wa impso ya kumanzere. Motero magazi a kummero, m'chifu ndi m'kapamba ankapeza potulukira, pomwe a m'matumbo ankapitabe kuchiwindi. M'zaka zomwezo Mohamed Hassab wa ku Egypt, dziko lomwe likodzo linali ponseponse, anatchukitsa njira yosapatutsa magazi n'komwe: kuchotsa kapamba ndi kudula mitsempha yopita kumtunda kwa chifu ndi kumunsi kwa mmero. Madotolo a ku Brazil, komwe likodzo la m'matumbo lilinso lofala, anaikonda njira yofanana ndi imeneyi atapeza kuti siisokoneza ubongo monga zimachitira shunt zikuluzikulu. Njira yatsopano kwambiri ndi ya TIPS, yomwe inachitika koyamba ndi kapaipi kachitsulo ku Freiburg m'dziko la Germany mu 1988. Apa sang'amba mimba. Amalowera mu mtsempha wa pakhosi n'kuika kapaipiko mkati mwa chiwindi kuti magazi azidutsiramo.

Chifukwa chake magazi amaundana

Zikuoneka zosamveka kuti munthu amene vuto lake linali kutaya magazi adzavutikenso ndi magazi oundana. Yankho lili mu mfundo zitatu zimene m'masukulu a zachipatala amaziphunzitsa potchula dzina la Rudolf Virchow, katswiri wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800. Magazi amaundana pamene akuyenda pang'onopang'ono, pamene khoma la mtsempha lavulala, ndiponso pamene magaziwo asintha n'kukhala osachedwa kugwirana. Opaleshoni za mtsempha wa portal zimabweretsa zitatu zonsezi pa nthawi imodzi.

Chachikulu ndi kuchepa kwa liwiro. Aliyense amene anayang'anapo ngalande za m'tauni mvula itakata amadziwa kuti mchenga sukhazikika pamene madzi akuthamanga, koma pamene afooka. Kapamba wotupa amatumiza magazi ochuluka zedi mu mtsempha wa portal, ndipo kwa zaka zambiri mtsemphawo umatanuka kuti uwalandire. Kapambayo akachotsedwa, kapena magazi ake akapatutsidwira ku impso monga mu opaleshoni ya Warren, mtsempha wotakasuka uja umatsala ndi magazi ochepa oyenda mwaulesi. Pochotsa kapamba pamatsalanso chitsa cha mtsempha wake, chomangidwa mbali imodzi ngati thumba. Magazi amakhazikika m'menemo, kuundana kumayamba, kenako kumakwawa kulowera ku mtsempha wa portal. Kapamba akakhala wamkulu kwambiri ndipo mtsempha wake wotakasuka kwambiri, chiopsezo chimakulanso.

Khoma la mtsempha nalo limakhala litatopa kale ndi kupanikizika kwa zaka zambiri, ndipo kugwiridwa, kupanidwa ndi kusokedwa pa opaleshoni kumawonjezera mabala. Tsono pali nkhani ya mapulateleti, tizigawo ta magazi tomwe timathandiza kutseka bala. Munthu wabwinobwino amakhala nato pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kamene amayezera. Kapamba wotupa amatisunga tambiri mkati mwake, choncho wodwala amabwera kuchipatala chiwerengero chake chili chotsika kwambiri. Kapamba akachoka, chiwerengerocho chimakwera msanga, ndipo m'sabata yachiwiri kapena yachitatu chimatha kupyola muyeso wabwinobwino. Nthawi imeneyi ndi yomweyo imene wodwala amakhala atabwerera kunyumba.

Pali chikhulupiriro, ngakhale pakati pa ena ogwira ntchito zachipatala, chakuti munthu wodwala chiwindi magazi ake ndi "amadzimadzi" kotero sangaundane. Chikhulupirirochi n'cholakwika. Chiwindi chimapanga zinthu zoundanitsa magazi, koma chimapanganso zoletsa kuundanako. Chikafooka, mbali zonse ziwiri zimatsika, ndipo sikelo imatha kupendekera kulikonse.

Kuchuluka kwa odwala amene amakumana ndi vutoli kumadalira mtundu wa opaleshoni komanso khama la madotolo polifufuza. Kumene amajambula odwala okhawo amene akudandaula, amapeza ochepa. Ku Brazil, kumene ofufuza ena anajambula wodwala aliyense wa likodzo amene anachotsedwa kapamba ndi kudulidwa mitsempha ya chifu, anapeza magazi oundana mwa pafupifupi theka la odwalawo. Pa opaleshoni ya Warren, kutsekeka kotheratu kumachitikira ochepa, pomwe kutsekeka kwa mbali imodzi ya mtsempha kumapezeka mwa ochulukirapo. Shunt yeniyeniyo imathanso kutsekeka, kaya ndi yosokedwa kaya ndi kapaipi ka TIPS, ndipo zikatero magazi amabwerera kutimitsempha ta kummero tija.

Zizindikiro zosavuta kuzinyalanyaza

Vuto lalikulu la magazi oundana mu mtsempha wa portal ndi lakuti sadzionetsa msanga. Taganizirani za bambo wa ku Bangwe amene watulutsidwa patatha sabata imodzi chichitireni opaleshoni. Patapita masiku angapo akuyamba kumva kuwawa m'mimba kosadziwika malo ake enieni, thupi likutentha pang'ono, chakudya sichikulowa, mseru ukubwera, mimba ikufufuma. Mkazi wake akuti ndi bala la opaleshoni, ndipo akunena zomveka, pakuti bala limawawadi. Mlamu wake akuti ndi malungo, ndipo nayenso akunena zomveka, pakuti mu Blantyre kutentha thupi kulikonse kumayamba kwatchedwa malungo. Bamboyo akugula mapiritsi opha ululu pa okala ya pafupi n'kudikira tsiku limene anauzidwa kuti adzabwerere kuchipatala.

Mwa odwala ambiri otere palibe choopsa chimene chimachitika nthawi yomweyo, ndipo mwa ena magazi oundanawo amasungunuka okha. Koma mwa ena kuundanako kumapitirira mpaka kulowa mu mtsempha wa matumbo. Magazi akalephera kutuluka m'matumbo, matumbowo amatupa, amada, kenako amayamba kufa. Ululu umakula kwambiri kuposa mmene mimba ikuonekera poigwira, wodwala amasanza, amatha kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo popanda opaleshoni ina yachangu yodula mbali yakufayo moyo umatayika. Ululu wa m'mimba umene ukukulirakulira m'malo mochepa, kutentha thupi kumene kuyeza malungo sikukukufotokoza, mimba yofufuma mofulumira, chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanzanso magazi, zonsezi mwa munthu wochokera ku opaleshoni yotere ndi zifukwa zobwerera kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira deti yolembedwa m'kabuku.

Boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu cha boma ngati maboma ena, choncho wodwala wamba amayambira kuzipatala zazing'ono monga za Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni, komwe amalandira kalata yopitira ku Gulupu. Wogwira ntchito pa chipatala chaching'ono amaona anthu ambirimbiri pa tsiku, ambiri mwa iwo otentha thupi ndi odandaula za m'mimba. Sangalote kuti munthu amene ali patsogolo pake anachotsedwa kapamba masabata awiri apitawo ngati wodwalayo kapena womuperekeza sanena. Chiganizo chimodzi chotchula opaleshoniyo ndi tsiku lake chimasintha mayendedwe onse a chithandizo.

Kupeza vutoli sikufuna zida zodabwitsa. Makina ojambula m'mimba a ultrasound, ofanana ndi amene amaunikira amayi oyembekezera, akakhala ndi mbali yotchedwa Doppler amaonetsa ngati magazi akuyenda mu mtsempha, liwiro lake ndi kumene akulowera. Kujambulaku sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zowerengeka, ngakhale mpweya wa m'matumbo umatha kuphimba mtsempha mwa munthu wongochoka ku opaleshoni. Pakakhala chikayiko, kapena pakufunika kudziwa ngati matumbo akhudzidwa, sikani ya CT ndiyo imapereka chithunzi chokwanira. Chifukwa odwala ambiri samva kanthu, madotolo ambiri ochita opaleshoni zimenezi amajambula wodwala aliyense m'masabata oyambirira, ngakhale amene akuti ali bwino. Kwa amene ali ndi kapaipi ka TIPS, kujambula kumapitirira nthawi ndi nthawi kwa moyo wonse wa kapaipiko.

Mankhwala osungunula magazi kwa munthu wosanza magazi

Apa ndi pamene achibale amadodoma. Munthu amene mwezi wathawu anatsala pang'ono kufa ndi kutaya magazi, lero akuuzidwa kuti ayambe kulandira mankhwala oletsa magazi kuundana. Mantha awo ndi omveka, ndipo madotolo nawo sapanga chiganizochi mopepuka. Amayamba atsimikiza kuti timitsempha ta kummero tamangidwa ndipo wodwala akumwa mapiritsi ake otsitsa mphamvu ya magazi. Amaonanso kukula kwa chotsekacho, ngati chikufalikira, ndi mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito. Chotseka chaching'ono chimene sichikukula nthawi zina amangochiyang'anira. Koma mtsempha wotsekeka nawo umakweza mphamvu ya magazi kumbuyo kwake, kotero kuusiya wotseka sikuteteza wodwala ku kusanza magazi.

Nthawi ndiyo imalamula. Mankhwala akayambika m'masiku oyambirira, mwayi woti mtsempha utsegukenso umakhala waukulu. Pakapita miyezi, magazi oundanawo amauma n'kusanduka chingwe cholimba, ndipo thupi limamera timitsempha tambiri topiringizana kuzungulira potsekapo. Timitsempha timeneti timapititsa magazi ena kuchiwindi koma sitikwanitsa ntchito yonse, ndipo wodwala amatsala ndi vuto la moyo wonse lomwe limavutitsanso opaleshoni iliyonse ya m'tsogolo.

Kawirikawiri chithandizo chimayamba ndi jakisoni wa heparin, kenako mapiritsi a warfarin kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, kapena kupitirira apo ngati pali chifukwa. Warfarin ndi wotsika mtengo koma ndi wovuta kuweta. Mlingo wake umasiyana munthu ndi munthu, ndipo umadziwika poyeza magazi pafupipafupi, kuyeza kotchedwa INR, komwe kwa odwala ambiri kumayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Chiwerengero chikatsika, mankhwala sakugwira ntchito. Chikakwera, wodwala angathe kutaya magazi. Kwa munthu wa ku Chirimba kapena ku Chigumula amene amadalira maganyu, ulendo uliwonse wokayezetsa ndi ndalama ya minibasi ndi tsiku lantchito lotayika, ndipo apa ndi pamene ambiri amafookera. Kuli mapiritsi atsopano monga rivaroxaban osafuna kuyeza kotere, koma ndi okwera mtengo ndipo sayenera munthu amene chiwindi chake chafooka kwambiri.

M'dziko ngati Malawi, warfarin amakumana ndi mankhwala ena awiri ofala kwambiri, ndipo onse amamusokoneza. Bactrim, amene anthu ambiri omwe ali ndi kachilombo ka HIV amamwa tsiku ndi tsiku, amawonjezera mphamvu ya warfarin mpaka kufika poopsa. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amachita zosiyana: amachititsa chiwindi kuphwanya warfarin mofulumira kotero kuti mlingo wanthawi zonse umakhala wopanda ntchito. Ena mwa ma ARV nawo amasintha kagwiridwe ntchito kake. Izi sizitanthauza kuti wodwala asiye mankhwala alionse mwa yekha. Zikutanthauza kuti dotolo wa mbali iliyonse ayenera kudziwa zimene wa mbali inayo wapereka, ndipo INR iyezedwe pamene mankhwala ena ayambika kapena atha.

Ndiwo zamasamba nazo zimalowamo. Chisoso, bonongwe, nkhwani, mpiru, repu ndi kholowa zili ndi vitamini K, yemwe amachepetsa mphamvu ya warfarin. Odwala ena akamva izi amasiyiratu masamba, chomwe ndi kulakwitsa, makamaka kwa munthu amene akuchira ndipo ndiwo zina sangazikwanitse. Chofunika ndi kudya mlingo wofanana sabata ndi sabata. Chosokoneza ndi kusintha kwadzidzidzi, monga kuchoka m'chilimwe cha usipa ndi nyemba kulowa m'dzinja la masamba m'mbale iliyonse. Mapiritsi opha ululu monga aspirin, brufen, indocid ndi diclofenac, omwe amagulidwa popanda kalata ya dotolo, amakanda chifu ndi kufooketsa mapulateleti, kotero wodwala wotere sayenera kuwamwa. Mankhwala azitsamba amene zosakaniza zake sizidziwika ali m'gulu lomwelo. Mayi wa msinkhu wobereka ayeneranso kudziwa kuti warfarin amavulaza mwana wosabadwa, choncho nkhani ya kulera kapena ya pakati iyenera kukambidwa mankhwalawo asanayambike.

Mlamu uja wonena za malungo sanaphonye kwenikweni. Kapamba ndiye amasefa tizilombo ta malungo ndi mabakiteriya ena m'magazi, ndipo munthu wopanda kapamba malungo amamugwira mwamphamvu, chibayo ndi matenda oumitsa khosi chimodzimodzi. N'chifukwa chake amalangizidwa kugona m'masikito usiku uliwonse, kulandira katemera wa chibayo kumene akupezeka, ndi kuyezetsa malungo tsiku lomwelo thupi likatentha. Chosayenera ndi kuimira pomwepo. Zotsatira zikaonetsa kuti malungo palibe, kapena mankhwala a malungo akamwedwa koma ululu wa m'mimba osasintha, funso la mtsempha wa portal limakhala lisanayankhidwe.

Chida chimene wodwala aliyense m'Malawi ali nacho kale ndi kabuku ka chipatala. Asanatuluke mu wodi, iye kapena womudikirira ali ndi ufulu wopempha kuti mulembedwe momveka dzina la opaleshoni ndi tsiku lake, ngati kapamba wachotsedwa kapena ayi, tsiku lodzajambulitsa mtsempha, ndi mlingo wa mankhwala oletsa kuundana pamodzi ndi zotsatira za INR yomaliza. Obwerera kuchokera ku India kapena ku South Africa amabwera ndi mafailo a Chingerezi chovuta komanso zithunzi za pakompyuta. Ndi bwino kuwapititsa kwa dotolo wa kuno m'sabata yoyamba, wodwala akadali bwino, kuti mfundo zikuluzikulu zikoperedwe m'kabukuko ndipo tsiku la Doppler yoyamba likhazikitsidwe.